Kuukira pa chess ya pa intaneti: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsiwa ndawatola kwa anthu amene ndimasewera nawo pa masamba a pa intaneti a Lichess ndi Chess.com, makamaka amene akudziwa kale kayendedwe ka zida koma zikuwawawa kuti akangoti aukire, mapeto ake amagwa ndi iwo omwe. Mafunso ake amakhala omwewomwewo, ndiye ndawaika pamodzi. Mayina a zida ndalemba monga timatchulira tikakhala pa bolodi: mfumu, kwini, rook, bishopu, kavalo ndi pawn.

Kodi kuukira ndi tactics ndi chinthu chimodzi?

Ayi, ngakhale zimayendera limodzi. Tactic ndi nkhonya yaifupi, mamuvu awiri, atatu kapena anayi amene mnzanu sangawazembe, ndipo pamapeto pake mwamudyera chida kapena mwamaliza mfumu yake. Kuukira ndi ntchito yonse yosonkhanitsa zida zanu mbali imodzi, kutsegula njira, ndi kumupanikiza mnzanuyo mpaka nkhonya ija ipezeke. Tactic ingabwere paliponse, ngakhale pamene inu mukungodziteteza. Koma kuukira kulikonse kumene kwapsa bwino kumathera pa tactic, ndipo amene saiona nthawi yake ikafika, thukuta lake lonse lapita pachabe.

Zilembo ngati Nf3 ndi Bxh7+ zimatanthauza chiyani?

Bokosi lililonse la bolodi lili ndi dzina: chilembo kuyambira a mpaka h, ndi nambala kuyambira 1 mpaka 8. K ndi mfumu, Q ndi kwini, R ndi rook, B ndi bishopu, N ndi kavalo, ndipo pawn ilibe chilembo, timangolemba bokosi limene yapita. Chilembo x chimasonyeza kuti chida chadya china, + ndi cheki, # ndi checkmate. O-O ndi castling (kubisa mfumu poisuntha pamodzi ndi rook) ya kufupi, O-O-O ya kutali. Madontho atatu, monga 5...Bxd1, amasonyeza muvu ya wakuda. Choncho Bxh7+ ndiye kuti bishopu wadya chimene chinali pa h7 ndipo wapereka cheki. Tsegulani bolodi ya analysis pa foni yanu muzisuntha zida pamene mukuwerenga mayankho otsatirawa, chifukwa kungowerenga ndi maso sikukhazikika m'mutu.

Ndiyambe ndi ma tactics ati?

Yambani ndi fork, chida chimodzi kuopseza ziwiri nthawi imodzi. Katswiri wake ndi kavalo. Akafika pa c7 mfumu yakuda ili pa e8 ndipo rook ili pa a8, mfumu iyenera kuthawa cheki, rook n'kupita. Pawn nayo imachita fork, ndipo imawawa kwambiri chifukwa kanthu ka mtengo wa 1 kamagwetsa chida cha mtengo wa 3. Mitengo imene ambiri timayendera ndi iyi: pawn 1, kavalo 3, bishopu 3, rook 5, kwini 9.

Kenako pin, kukhomerera chida kuti chisasunthe chifukwa kumbuyo kwake kuli chachikulu. Ngati kumbuyoko kuli mfumu, lamulo lenilenilo silichilola kusuntha. Ngati kuli kwini, chikhoza kusuntha, ndipo apa ndi pamene ambiri amapusitsika. Onani msampha wakale wotchedwa Légal's mate: 1.e4 e5 2.Nf3 d6 3.Bc4 Bg4 4.Nc3 g6 5.Nxe5. Wakuda ankaona ngati kavalo wa pa f3 wamangidwa. Akadya kwini ndi 5...Bxd1, pamabwera 6.Bxf7+ Ke7 7.Nd5#. Akakana dyera n'kudya kavaloyo ndi 5...dxe5, woyera amadya bishopu ndi 6.Qxg4 n'kutsala ali pamwamba ndi pawn imodzi.

Skewer ndi pin yotembenuza: chachikulu chili kutsogolo, chikathawa mumadya cha kumbuyo. Koma imene ine ndimaikonda, ndipo ndimaona kuti oyamba kumene saiona msanga, ndi discovered attack. Chida chimodzi chimachoka panjira n'kuvundukula china chimene chinabisala kumbuyo kwake. Pa intaneti mudzakumana nayo kambirimbiri motere: 1.e4 e5 2.Nf3 Nf6 3.Nxe5 Nxe4 4.Qe2 Nf6 5.Nc6+. Cheki ikuchokera kwa kwini wa pa e2, pamene kavalo waima pa c6 akuloza kwini wakuda. Wakuda alibe mpata wopulumutsa zonse ziwiri.

Zikakhazikika izi, onjezani kuchotsa mlonda, ndiko kudya kapena kukokera kwina chida chimene chikulondera bokosi limene mukulifuna.

N'chifukwa chiyani aliyense amathamangira pa f7?

Poyamba pa gemu, pawn ya pa f7 imatetezedwa ndi mfumu yokha, chimodzimodzinso ya pa f2 kumbali ya woyera. N'chifukwa chake Scholar's mate imagwira anthu tsiku ndi tsiku: 1.e4 e5 2.Qh5 Nc6 3.Bc4 Nf6 4.Qxf7#. Mankhwala ake ndi osavuta. Pa muvu yachitatu sewerani 3...g6, kwini akabwerera pa f3 n'kulozanso f7, tsekani ndi 4...Nf6. Kuchokera apo kwini uja ndiye amakhala wothamangitsidwa.

Yolimba kuposa imeneyi ndi Fried Liver: 1.e4 e5 2.Nf3 Nc6 3.Bc4 Nf6 4.Ng5 d5 5.exd5 Nxd5 6.Nxf7 Kxf7 7.Qf3+ Ke6. Woyera wapereka kavalo, koma mfumu yakuda yakokedwera pakati pa bwalo, ndipo kuiteteza wotchi ikuyenda ndi ntchito yakalavulagaga. Ngati muli wakuda, musadye pa d5 ndi kavalo. Sewerani 5...Na5, muthamangitse bishopu wa pa c4 amene ndi mwini wake wa vuto lonselo.

Ndimatulutsa kwini msanga ndipo ndimapambana. Ndisiyirenji?

Mukupambana chifukwa anthu amene mukukumana nawo sanaphunzire 3...g6. Rating yanu, nambala yosonyeza mphamvu ya kaseweredwe kanu, ikangokwera pang'ono, mudzapeza anthu amene muvu iliyonse amatulutsa chida chatsopano chikuopseza kwini wanu. Inu mukusuntha chida chimodzi kasanu, iwo atulutsa zisanu. Chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo kwini yekha, ngakhale ali wamphamvu chotani, samaliza mfumu imene ili ndi alonda ake. Funso lotsatirali likufotokoza chimene muyenera kuchita m'malo mwake.

Ndingadziwe bwanji kuti nthawi youkira yakwana?

Werengani. Ndi zida zingati zanu zimene zingafike pafupi ndi mfumu yake mu muvu imodzi kapena awiri? Nanga iye ali ndi zingati zoiteteza? Ngati zanu sizikuposa zake ndi ziwiri, kapena imodzi pamene njira yatseguka kale, musadumphe kaye. Pezani chida chanu chimene chikugona, kawirikawiri imakhala rook ya pa a1 kapena bishopu wa pa c1, muchibweretse. Wa bawo sagwira njere asanawerenge pamene dzanja lake likathere, ndipo pa chess ndi momwemonso. Wilhelm Steinitz, amene anakhala katswiri woyamba wa dziko lonse mu 1886, anaphunzitsa kuti kuukira kuyenera kuchokera pa mwayi umene ulipo kale pa bolodi, ndiponso kuti amene ali ndi mwayiwo akazengereza umamuthawa.

Gemu imene imaonetsa izi bwino kuposa zonse zimene ndikuzidziwa inaseweredwa ku Paris mu 1858, m'nyumba ya zisudzo za opera. Paul Morphy wa ku New Orleans, ali ndi zaka 21, ankasewera ndi Duke Karl wa ku Brunswick ndi Count Isouard amene ankathandizana mbali yakuda. Iikeni pa bolodi: 1.e4 e5 2.Nf3 d6 3.d4 Bg4 4.dxe5 Bxf3 5.Qxf3 dxe5 6.Bc4 Nf6 7.Qb3 Qe7 8.Nc3 c6 9.Bg5 b5 10.Nxb5 cxb5 11.Bxb5+ Nbd7 12.O-O-O Rd8 13.Rxd7 Rxd7 14.Rd1 Qe6 15.Bxd7+ Nxd7 16.Qb8+ Nxb8 17.Rd8#.

Anthu amakumbukira 16.Qb8+, kwini woperekedwa uja. Ine ndikupemphani muyang'ane muvu yachisanu ndi chitatu. Morphy akanatha kudya pawn ya pa b7, koma anatulutsa kavalo. Muyang'anenso 12.O-O-O, pamene mfumu yabisala ndipo rook yalowa ntchito pa muvu imodzi yomweyo, ndi 14.Rd1, pamene rook yotsiriza yabwera kudzalowa m'malo mwa inzake. Palibe chida cha Morphy chimene chinatsala kunyumba. Kumbali inayo, bishopu wa pa f8 ndi rook ya pa h8 sanasunthe n'kamodzi komwe mpaka gemu inatha. Pomaliza Morphy anatsala ndi rook imodzi ndi bishopu mmodzi basi, anzakewo ali ndi kwini, rook, bishopu ndi kavalo, koma zochulukazo zinali zongoonerera.

Kodi nsembe ya bishopu pa h7 imagwira nthawi zonse?

Ayi, ndipo ndaona mabishopu ambiri akutayika chabe pa bokosi limeneli. Nsembeyi, yopereka bishopu dala kuti adyedwe, imatchedwa Greek gift, ndipo imapezeka kale m'zolemba za Gioachino Greco wa ku Italy cha m'ma 1620. Imafuna zinthu zingapo zikhalepo musanayambe: bishopu wanu akhale pa diagonal yoloza h7, kawirikawiri pa d3, kavalo akhale pa f3 wokonzeka kulumphira pa g5, kwini akhale ndi njira yofikira pa h5, ndipo kavalo wakuda asakhale pa f6, n'chifukwa chake pawn yanu ya pa e5 imafunika kwambiri. Chitsanzo: 1.e4 e6 2.d4 Nf6 3.Bd3 Nc6 4.Nf3 Be7 5.h4 O-O 6.e5 Nd5 7.Bxh7+ Kxh7 8.Ng5+ Bxg5 9.hxg5+ Kg8 10.Qh5 f5 11.g6 Re8 12.Qh8#. Onani ntchito ya 5.h4. Popanda pawn imeneyo, bishopu wa pa e7 akanangodya kavalo pa g5 nkhani n'kuthera pomwepo.

Musanapereke bishopu, werengani njira zonse zitatu zimene mfumu ingathawire pambuyo pa Ng5+. Ikabwerera pa g8, kwini amapita pa h5, ndipo funso ndi lakuti kodi wakuda angateteze h7 ndi ...Nf6 kapena ...Bf5. Ngati angathe, nsembe yanu yafa. Ikapita pa h6, zimadalira ngati bishopu wanu wa pa c1 ali ndi njira yotseguka. Yovuta ndi ya pa g6, imene ambiri amaiwala kuiwerenga chifukwa imaoneka yoopsa kwa mfumu. Pamenepo mumafunika Qg4, h4 kapena Qd3+, ndipo ngati simukuona chimene mudzachite pambuyo pake, bishopu wanu msungeni.

Nanga nsembe zina? Ndipereke chida ngakhale sindikuona checkmate?

Pali nsembe za mitundu iwiri. Ina ndi yowerengeka mpaka kumapeto, monga smothered mate. Kwini wanu ali pa diagonal ya a2 kupita g8, mfumu yakuda ili pa h8 kumbuyo kwa ma pawn ake, rook yake ili pa e8: Nf7+ Kg8, Nh6+ ndi cheki ya zida ziwiri nthawi imodzi, Kh8, kenako Qg8+ Rxg8 ndi Nf7#. Mfumu yafa itatsamwitsidwa ndi zida zake zomwe. Apa simukuika chilichonse pachiswe, mwangowerenga bwino.

Ina ndi imene mumapereka chida kuti mupeze njira zotseguka ndi nthawi, osaona mapeto ake. Mwini wake wa mtundu umenewu anali Mikhail Tal wa ku Riga, amene anagonjetsa Mikhail Botvinnik mu 1960 n'kukhala katswiri wa dziko lonse ali ndi zaka 23. Nsembe zake zina zinadzapezeka pambuyo pake kuti zinali ndi yankho, koma pa bolodi, wotchi ikuyenda, anzake sankalipeza. Pa magemu othamanga a pa intaneti, otchedwa blitz, zimenezi zimagwira kwambiri, chifukwa kudziteteza kumadya nthawi yambiri kuposa kuukira.

Maganizo anga ndi akuti muziyesa, chifukwa munthu saphunzira kuukira akuopa kutaya kavalo. Koma dzifunseni kaye: ndikapereka chidachi, muvu yanga yotsatira ndi cheki kapena chiopsezo chimene ayenera kuyankha? Ndili ndi zida zina ziwiri zoti zilowe pakhomo limene ndatsegulalo? Ngati mayankho onse ndi ayi, mwangopereka mphatso. Ndipo mukapereka, musabwerere m'mbuyo kukatolera ma pawn. Walira mvula walira matope.

Tikabisa mafumu mbali zosiyana, ndichite chiyani?

Thamangitsani ma pawn anu kwa mfumu yake, chifukwa ma pawn amenewo sakulondera mfumu yanu. Cholinga ndi kutsegulira rook mzere, ngakhale pawn imodzi ipite. Chitsanzo chodziwika ndi Yugoslav Attack polimbana ndi Sicilian Dragon: 1.e4 c5 2.Nf3 d6 3.d4 cxd4 4.Nxd4 Nf6 5.Nc3 g6 6.Be3 Bg7 7.f3 O-O 8.Qd2 Nc6 9.Bc4. Woyera amachita castling ya kutali, amakankha h4 ndi h5, ndipo amasinthanitsa bishopu wa pa g7 ndi Bh6, popeza ameneyo ndiye mlonda wamkulu. Wakuda naye sakhala manja lende: amaika rook pa c8, ndipo nthawi zambiri amaipereka pa c3 kuti aphwanye khola la mfumu yoyera.

Uwu ndi mpikisano wa liwiro. Muvu imodzi yongodikira ikhoza kukutayitsani gemu. Pewaninso kusuntha ma pawn a patsogolo pa mfumu yanu popanda chifukwa, chifukwa pawn imene yatsogola ndi imene mnzanu amakolapo kuti atsegule mzere. Ngati mafumu onse ali mbali imodzi, nkhani imasintha. Pamenepo ukirani ndi zida, ndipo ma pawn a patsogolo pa mfumu yanu muwakankhe pokhapokha pakati pa bolodi patatsekeka.

Ndi ma opening (mamuvu oyambira gemu) ati amene amayenera munthu wokonda kuukira?

Yambani ndi 1.e4 ndi Italian Game, 1.e4 e5 2.Nf3 Nc6 3.Bc4. Zida zimatuluka mwachibadwa ndipo ma tactics amabwera msanga. Mukazolowera, yesani Evans Gambit, 3...Bc5 4.b4, imene inatchedwa dzina la William Evans, woyendetsa sitima za pamadzi wa ku Wales. Mumapereka pawn kuti mupeze c3 ndi d4 mwachangu. Musaione ngati ya makedzana: katswiri Garry Kasparov anagonjetsa nayo katswiri mnzake Viswanathan Anand ku Riga mu 1995 m'mamuvu 25. Polimbana ndi Sicilian pali Smith-Morra Gambit, 1.e4 c5 2.d4 cxd4 3.c3. King's Gambit, 1.e4 e5 2.f4, ndi yokoma, koma imavula mfumu yanu yomwe, choncho ibwere pambuyo.

Chenjerani ndi ma opening amene moyo wake wonse uli pa msampha umodzi. Englund Gambit ndi chitsanzo: 1.d4 e5 2.dxe5 Nc6 3.Nf3 Qe7 4.Bf4 Qb4+ 5.Bd2 Qxb2, ndipo woyera akasewera 6.Bc3 amagwa ndi 6...Bb4 7.Qd2 Bxc3 8.Qxc3 Qc1#. Koma akasewera 6.Nc3, wakuda amatsala ndi kwini woyendayenda, zida zina zambiri zili m'tulo. Misampha yotere muidziwe kuti isakugwireni. Kumangapo masewero anu onse ndi kudzichedwetsa nokha.

Ndisewere bullet, blitz kapena rapid?

Ngati cholinga ndi kuphunzira kuukira, sewerani rapid, mphindi 10 kapena 15+10, ndiko kuti mphindi 15 ndi masekondi 10 owonjezera pa muvu iliyonse. Zonse zimene zanenedwa pa funso la nthawi youkira ndi la Greek gift zimafuna kuwerenga, ndipo pa bullet ya mphindi imodzi dzanja limasewera mutu usanaganize. Blitz ya 3+2 kapena 5+3 ndi yabwino poyeserera opening yatsopano kambirimbiri.

Nthawi yanu muiwonongere pamene pali pofunika. Ndimaona anthu akuluza gemu ya mphindi 10 ali ndi mphindi 8 pa wotchi. Pamene mukufuna kupereka chida, kapena pamene mnzanu wasewera muvu imene simunaiyembekezere, imani, ikani foni pansi ngati n'kotheka, muwerenge. M'mipikisano ya Arena pa Lichess muli batani la Berserk, limene limadula nthawi yanu pakati kuti mukapambana mupeze pointi yowonjezera. Musalikhudze ngati mumakonda masewero ofuna kuwerenga.

Premove ndi yabwino poukira?

Premove, muvu imene mumaiikiratu mnzanu asanasewere, ndi yabwino pamene yankho la mnzanu ndi limodzi lokha, kapena pamene mukubwezera kudya, chifukwa iye akapanda kudya, premove yanu singachitike. Kwina konse ndi ngozi. Ine inandiphunzitsa ndi gemu iyi: ndinali wakuda, 1.d4 g6, ndipo ndinali nditaika kale premove ya ...Bg7 monga mwa chizolowezi. Mnzangayo anasewera 2.Bh6. Chikhala ndinadikira sekondi imodzi, ndikanangomudya bishopuyo ulele. M'malo mwake bishopu wanga anapita pa g7, anadyedwa, ndipo rook ya pa h8 inatsatira. Kuyambira tsiku limenelo sindiika premove pa opening, ndipo pakati pa kuukira ndimaiika pokhapokha ndikaona kuti mfumu yake ili ndi bokosi limodzi lothawira.

Netiweki ikadula kapena magetsi akazima ndili pakati pa kuukira, chimachitika n'chiyani?

Wotchi yanu imapitirira kuyenda, ndipo mukakhalitsa osabwerera gemu imapita kwa mnzanu. Kwa ife amene timasewera ndi bandulo ya pa foni, ichi ndi chifukwa chinanso chosankhira nthawi yokhala ndi masekondi owonjezera. Pa 3+0, netiweki ikangodzidzimuka masekondi khumi kumapeto, checkmate imene munaikonza bwinobwino simuifikira. Chess payokha sidya bandulo yambiri, choncho tsekani mapulogalamu ena amene akukoka mavidiyo kumbuyo, ndipo musayambe mpikisano batire ili pafupi kutha. Dziwaninso lamulo ili: nthawi yanu ikatha koma mnzanu watsala ndi mfumu yokha, gemu imakhala draw. Choncho mukaona kuti wotchi ikukuthawani ndipo checkmate ili kutali, kudya ma pawn ake otsala kungakupulumutseni.

Kuukira kwanga kwazilala ndipo ndataya chida. Nditani?

Choyamba yang'anani mfumu yanu. Ouukira ambiri amagwa pa mzere wakumbuyo: ma rook onse apita kunkhondo, mfumu yatsala pa g1 kumbuyo kwa f2, g2 ndi h2, ndiye rook yakuda imangotsika pa e1, gemu yatha. Muvu imodzi ya h3 pa nthawi yabata imatsegula zenera.

Chachiwiri, funani cheki yosatha. Ngati kwini wanu angamapereke cheki uku ndi uku mfumu osapeza pobisala, malo omwewo akabwereza katatu gemu ndi draw. Theka la pointi limaposa kugwa. Chachitatu, pewani kusinthanitsa zida, makamaka kwini, chifukwa kusinthanitsa kulikonse kumathandiza amene ali ndi zambiri. Ndipo musathamangire kugonja. Pa rating za m'munsi, munthu amene wapulumuka kuukira amapumira m'mwamba n'kumasuka, ndipo fork imamupeza nthawi yomweyo.

Nanga akamandiukira ine?

Njira ndi yomwe ija yowerenga, koma moitembenuza. Bweretsani alonda, makamaka kavalo pa f6 kapena f8, ndipo sinthanitsani chida chake choopsa kwambiri. Akaukira m'mbali pakati pa bolodi pali potseguka, menyani pakatipo ndi ...d5 kapena ...e5, chifukwa zida zake zimene zakhamukira mbali imodzi zimavutika kubwerera. Akakupatsani nsembe, simukakamizidwa kuilandira, monga taonera pa Légal's mate. Mukailandira, khalani okonzeka kubweza china kuti moto uzime. Pa muvu iliyonse dzifunseni chimene iye akufuna kuchita mukapanda kusuntha. Mantha amachititsa munthu kuteteza zinthu zimene sizikuopsezedwa n'komwe, chenichenicho n'kuchisiya.

Ma puzzle ndimawapeza bwino, koma mu gemu sindiona kanthu. Vuto n'chiyani?

Puzzle imakuuzani kale kuti pali chinachake. Mu gemu palibe amene amakukodolani. Muyenera kuphunzira kuona zizindikiro: chida chake chopanda mlonda, mfumu ndi kwini zili pa mzere umodzi, mlonda mmodzi amene wasenza ntchito ziwiri, mfumu yopanda zenera. Mukaona chimodzi mwa izi, yang'anani mamuvu okakamiza motsatana: macheki onse, kudya konse, kenako ziopsezo. Chitani zomwezo kumbali ya mnzanu musanasunthe.

Kachitidwe ka ma puzzle nakonso n'kofunika. Musasunthe muvu yoyamba mongoyerekeza kuti muone ngati pulogalamu ivomere. Werengani mpaka kumapeto m'mutu, kenako sunthani. Ma puzzle khumi ochita motere amaposa makumi asanu ongogogoda. Lichess, imene Thibault Duplessis wa ku France anaiyambitsa mu 2010, imapereka ma puzzle onse ulele ndipo mukhoza kusankha mtundu umodzi, monga fork kapena back rank mate (checkmate ya pa mzere wakumbuyo), n'kukhala nawo sabata yathunthu. Ma puzzle akewo amachokera m'magemu enieni amene anthu anasewera pomwepo. Puzzle Storm ya pa Lichess ndi Puzzle Rush ya pa Chess.com zimanola liwiro la maso, koma zibwere mutadziwa kale maonekedwe a ma tactics.

Injini imati nsembe yanga inali yolakwika ngakhale ndinapambana. Ndikhulupirire ndani?

Injini, pulogalamu ya kompyuta younika chess, ikunena zoona za bolodi. Stockfish, imene masamba onse awiriwa amagwiritsa ntchito pounika magemu, imaona chitetezo chimene munthu wa rating yanu sangachipeze m'masekondi makumi awiri. Musakhumudwe, koma musanyozerenso. Yang'anani muvu imene ikuti mnzanu akanasewera. Ngati ndi yosavuta, yoti inuyo mukanaiona mutakhala mbali inayo, ndiye kuti munapulumuka mwamwayi ndipo tsiku lina mudzalipira. Ngati ndi muvu yachilendo yobisika, nsembe yanu inali yomveka pa gemu ya anthu. Ndibwino kuyamba mwaunika gemu nokha, kupeza pamene mukuganiza kuti zinatembenukira, kenako n'kuyatsa injini.

Injini ndi ya pambuyo pa gemu basi. Kuitsegula gemu ili mkati, kapena kufunsa mnzanu amene wakhala pambali, ndi kubera, ndipo masamba onse awiri amalanga ma akaunti otere. Mukakayikira munthu, gwiritsani ntchito batani lochitira lipoti, musamunyoze pa chat. Nthawi zambiri amene timamuganizira kuti wabera amakhala kuti wangoona tactic imene ife tinaiphonya.

Kodi zimene ndaphunzira pa foni zidzagwira pa bolodi yeniyeni?

Ma tactics ndi omwewo, koma maso amafuna kuzolowera. Bishopu amene pa foni mumamuona kuchokera pa b2 mpaka g7, pa bolodi ya zida zoimirira amabisala kumbuyo kwa zinzake. Ngati mukufuna kukalowa mpikisano wa CHESSAM, bungwe la chess m'Malawi, kapena wa kusukulu kwanu, tengani bolodi masiku angapo mpikisano usanafike, muikepo gemu ya Morphy ija ndi ma puzzle angapo, muwerenge osagwira zida. Kumeneko kulibe premove, palibe chimene chimakuletsani muvu yosaloledwa musanaichite, wotchi mumadina nokha, ndipo pa magemu aatali mumalemba mamuvu anu papepala. Chachikulu ndi lamulo la kugwira: chida chanu mukachigwira dala muyenera kuchisuntha, cha mnzanu mukachigwira muyenera kuchidya ngati n'kotheka. Pa foni tinazolowera kunyamula bishopu, kumuyendetsa mpaka pa h7, n'kumubweza tikasintha maganizo. Pa bolodi manja akhale pamiyendo mpaka mutawerenga g8, g6 ndi h6.